Wa ku sekondale, konzekera koleji usanalembe MSCE: maphunziro, mapepala ndi ndalama

Mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma akangotuluka, m'makomo ena mumamveka nthungululu. Pakatha sabata ziwiri, m'makomo omwewo anthu amagona mochedwa akufunsana: fizi tiyipeza kuti, mwanayu akagona kuti, azikadya chiyani? Ana ena okhoza bwino amathera pomwepo, malo atawapeza koma ndalama palibe. Ena kwawo ndalama ilipo ndithu, koma anasankha maphunziro mwachisawawa mu Folomu 3, ndiye khomo limene ankalifuna linatsekeka kalekale iwo osadziwa. Mavuto onse awiriwa amayamba MSCE isanalembedwe n'komwe. N'chifukwa chake ndikulembera iwe uli mu Folomu 2 kapena 3. Ngati uli mu Folomu 4, zambiri ukhoza kuzichitabe, kungoti uchite changu.

Choyamba: maphunziro a mu Folomu 3 usawasankhe potsata anzako

Pa MSCE, bungwe la MANEB limapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi chabe, 9 ndiye wagwa. Mapointi amawerengedwa pophatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino kwambiri, ndiye wa mapointi 6 ndiye katswiri. Kuti uganiziridwe ku yunivesite ya boma, pamafunika makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Izi aliyense amazidziwa. Chimene ambiri amachizindikira mochedwa n'chakuti pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro akeake amene imayang'ana.

Tiyerekeze atsikana awiri, onse apeza mapointi 14. Woyamba ali ndi 1 pa Chichewa, 1 pa Baibulo, 2 pa Ulimi, 2 pa Jogalafe, 3 pa Chingerezi ndi 5 pa Bayoloje. Masamu anapeza 7, Kemisitiri anaisiya mu Folomu 3 chifukwa anzake ankati njovuta. Wachiwiri ali ndi 1 pa Ulimi, 2 pa Masamu, 2 pa Bayoloje, 2 pa Kemisitiri, 3 pa Fizikisi ndi 4 pa Chingerezi. Kumudzi onsewa adzatchedwa "wa 14", koma onse akafunsira za umoyo ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) kapena uinjiniya ku Malawi University of Business and Applied Sciences (MUBAS), woyambayo fomu yake sidzapita patali. Sikuti ndi wopanda nzeru. Ali ndi mwayi wabwino pa uphunzitsi wa zilankhulo ndi maphunziro ena a za anthu ku University of Malawi (UNIMA) kapena ku Mzuzu University (Mzuni). Vuto limabwera ngati mtima wake wonse unali pa udokotala.

Ndiye usanasiye phunziro lililonse, peza chilengezo cha chaka chatha cha bungwe la National Council for Higher Education, limene tonse timangoti NCHE. Bungweli ndi limene limayendetsa ntchito yofunsira malo m'mayunivesite a boma pa fomu imodzi, ndipo chilengezo chake chimalemba pulogalamu iliyonse ndi maphunziro amene imafuna. Chimapezeka pa intaneti. Ngati ulibe foni, pempha aphunzitsi akusindikizire masamba ofunikawo. Lemba mapulogalamu atatu kapena anayi amene akukukoka mtima, pansi pa iliyonse ulembe maphunziro ake. Phunziro limene likubwerezabwereza ndiye loti ulikakamire.

Pa Masamu ndiye ndinene mosabisa: usawataye, ngakhale akukuzunza bwanji. Kirediti ya 6 pa Masamu imatsegula makomo ambiri kuposa 1 pa phunziro limene mapulogalamu ochepa okha amalifuna. Za malonda, za makompyuta, za ulimi ku Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources (LUANAR), za sayansi ku Malawi University of Science and Technology (MUST), pafupifupi konseko Masamu alipo. Chingerezi nachonso chimagwetsa ana anzeru chaka ndi chaka, makamaka a sayansi amene amachiona ngati chopepuka.

Kwa iwe uli pa CDSS yopanda labu, kapena pomwe mphunzitsi wa Fizikisi kulibe, nkhaniyi njowawa koma sinathe. Funsa ahedi ngati pali ubale ndi sekondale yoyandikana nayo kuti muzikachitako mapulakitiko. Sonkhanitsa mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo. Pezani gulu la anthu anayi kapena asanu ofunadi kuwerenga, osati gulu la macheza.

Chachiwiri: konza mapepala ako, dzina likhale limodzi

Ili ndi gawo lotopetsa, koma limalilitsa anthu. Ukakwana zaka 16 kalembetse chiphaso cha unzika ku bungwe la kalembera la NRB. Onetsetsa kuti dzina limene sukulu yatumiza ku MANEB likufanana ndendende ndi la pa chiphasocho: kalembedwe kake, ndondomeko ya mayina, ndi tsiku lobadwa. Kwathu kuno mwana amatha kulembetsa pulayimale ndi dzina la agogo, sekondale ndi la bambo, chiphaso ndi la bambo omupeza. Pa fomu ya ngongole ya boma ya maphunziro kapena ku banki, amenewo ndi anthu atatu osiyana. Kukonza ukadali pa sukulu n'kosavuta kusiyana ndi kukonza satifiketi itatuluka kale.

Peza envulopu yapulasitiki, uziikamo malipoti a teremu iliyonse, satifiketi ya JCE, malisiti a fizi, ndi kalata iliyonse yosonyeza kuti unkalipiriridwa ndi bungwe, mpingo kapena khonsolo. Ngati kholo linamwalira, chikalata cha imfa chikhalemo. Ngati palibe, yambani kuchitsata panopa kudzera kwa amfumu kapena kuchipatala kumene linamwalirira. Mapepala amenewa ndiwo adzakuyankhulire tsiku limene udzanene kuti ndiwe wovutika, chifukwa pakamwa pokha aliyense amati ndi wovutika. Uwajambulenso pa foni n'kudzitumizira pa imelo. Imeloyo ikhale ya dzina lako lenileni, ndipo nambala ya foni imene udzalembe pa mafomu isakhale ya chibwenzi.

Chachitatu: werengera mtengo wonse, osati fizi yokha

Tenga kope, ulembe zonse zimene zidzafune ndalama kuyambira tsiku lofunsira malo mpaka kutha kwa semesita yoyamba. Anthu akamva koleji amangoganiza za fizi, chonsecho kwa ambiri chimene chimawabweza kumudzi ndi lendi ndi chakudya.

M'mayunivesite a boma malo ogona apasukulu ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha ophunzira. Ambiri amachita lendi kunja: ku Chikanda kwa a ku UNIMA ku Zomba, ku Luwinga kwa a ku Mzuni, cha ku Goliati kwa a ku MUST ku Thyolo, ndipo a ku MUBAS amabalalika m'matauni a Blantyre monga Chitawira ndi Ndirande. Eni nyumba amafuna ndalama ya miyezi ingapo pakamodzi. Chakudya umadzigulira kapena kudziphikira. Onjezerapo thiransipoti yopita ndi yobwera, makala kapena magetsi, sopo, kusindikiza ntchito za m'kalasi, bando ya intaneti, ndi zofunika za pulogalamu yako monga yunifolomu kwa anamwino kapena nsapato zolimba kwa a uinjiniya. Laputopu siyofunika tsiku loyamba, koma pofika chaka chachiwiri kukhala wopanda n'kuvutika, ndiye uyiikemo. Mafomu enieniwo, ya NCHE ndi ya ngongole, nawonso amalipiridwa, ndipo ndalamayo sibwezedwa.

Mitengo yeniyeni usayifunse kwa munthu amene anamaliza kalekale. Funsa amene ali pa sukulupo chaka chino. Pafupifupi sekondale iliyonse ili ndi wina amene anatsogola, ndipo aphunzitsi amakhala ndi nambala yake. Umufunse mafunso olunjika: chipinda mukulipira zingati, mumagona angati, pa sabata mumadya ndalama zingati, mwezi wovuta kwambiri ndi uti? Fizi uyione pa tsamba la yunivesiteyo. Ukaphatikiza zonse, onjezerapo kena, chifukwa mitengo siyima. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali atawerengera ndendende anapezeka ataperewera.

Chachinayi: khalani pansi ndi a kubanja nthawi ikadalipo

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene ana ambiri amachita manyazi. Amadikira dzina lituluke, kenako n'kuyamba kuimbira abale mafoni kutatsala sabata zitatu. Munthu ukamudzidzimutsa ndi ndalama yaikulu, ngakhale akukonde bwanji, yankho lake ndi "tiona". Koma ukamuuziratu chaka chisanafike, amatha kupatula mbuzi, kuonjezera mizere ya soya, kapena kusunga gawo la ndalama ya ku banki mkhonde.

Yamba ndi makolo kapena amene akukulera. Aonetse kope lija. Kenako mugwirizane kuti ndi ndani wina woti auzidwe: amalume, azakhali, achimwene a ku Joni, achemwali amene ali pantchito m'tauni. Kwa amalume usapite ndi uthenga wa pa WhatsApp ngati ali pamtunda woti ukhoza kuyenda. Pita, ukhale pansi, mupatsane moni mokwanira, ufunse za kumunda, kenako utulutse lipoti lako.

"Malume, ndabwera kudzakuonetsani mmene ndakhozera teremu ino. Pa pepala ili ndalembapo zimene zidzafunike Mulungu akalola n'kusankhidwa. Sikuti ndikupempha lero ayi. Ndimati mudziwiretu, kuti pamene mungathe mudzandigwire mkono."

Akafunsa kuti ukufuna zingati, usanene chiwerengero chonse, chimaopsa. Tchula chinthu chimodzi: "Mukanandithandiza lendi ya semesita yoyamba, zinazo tikuyesa ndi amayi." Munthu amavomera msanga katundu amene akumuona malire ake. Wina atenge lendi, wina thumba la chimanga ndi nyemba, wina thiransipoti. Ukatero uziwatumizira lipoti teremu iliyonse osadikira kuti afunse.

Komabe polemba m'kope, siyanitsa ndalama imene ilipo ndi imene yalonjezedwa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Achimwene a ku Joni akhoza kulonjeza ndi mtima wonse, ntchito n'kuwathera mwezi womwewo. Cholinga chako chikhale chakuti ndalama ya semesita yoyamba, makamaka lendi, chakudya ndi gawo la fizi lolembetsera, ikhale m'manja mwa banja dzina lisanatuluke.

Inu makolo, kasungidwe kake kalinso ndi nzeru zake. Ndalama ya mapepala yosungidwa zaka ziwiri m'chitini imafika itafooka. Mbuzi imaswana, ndipo mtengo wake umakwera limodzi ndi zinthu zina. Chimanga, soya kapena mtedza zogulitsa pokolola, mu Meyi ndi Juni, zimapita motchipa chifukwa aliyense akugulitsa. Zomwezo mukazisunga bwino ndi mankhwala oteteza ku anankafumbwe, pofika Disembala mpaka Febuluwale mtengo umakhala wina. Magulu ambiri a banki mkhonde amagawana kumapeto a chaka, ndiye gawo la mwana lipatulidwe tsiku logawanalo, lisanalowe ku feteleza ndi Khirisimasi. Chimene sindingakulimbikitseni ndi katapila, kapena kugulitsa munda. Munda ukapita wapita, ndipo digiri ndi ya zaka zinayi, ina zisanu kapena kuposerapo. Semesita yachiwiri mudzagulitsa chiyani?

Chachisanu: miyezi ya pakati pa mayeso ndi kusankhidwa

Ukamaliza kulemba MSCE pamakhala miyezi yambiri yodikira zotsatira, kenako kudikira chilengezo, kenako mayina, kenako kutsegulira. Nthawi imeneyi ndi yaitali moti munthu ukhoza kulima n'kukolola. Pempha kamunda kapena kadimba. Phunzitsa ana a Sitandade 8 ndi a Folomu 2 masana. Gulitsa mandasi, kaunjika, mayunitsi, chilichonse chosachititsa manyazi pamaso pa Mulungu ndi anthu. Ndalamayo isamagone m'thumba. Iike ku Airtel Money kapena ku Mpamba, ndipo ikachulukirapo katsegule akaunti ku banki, poti udzayifunabe pa nkhani ya ngongole.

Phunziranso kompyuta. Kulemba pa Word, kutumiza imelo yokhala ndi chikalata, kudzaza fomu pa intaneti. Ana ochokera ku sukulu zakumudzi amavutika semesita yoyamba pa tinthu ngati timeneti, pamene nzeru za m'kalasi ali nazo.

Chachisanu ndi chimodzi: kudzaza fomu ya NCHE

Zotsatira zikatuluka, tchera khutu ku wailesi, manyuzipepala ndi tsamba la NCHE. Chilengezo cha chaka chimenecho uchiwerenge chonse, osadalira za chaka chatha, chifukwa chimanena zaka za MSCE zololedwa, kalipiridwe, ndi tsiku lotsekera. Mayunivesite a boma ndi asanu ndi limodzi: UNIMA, MUBAS, KUHeS, Mzuni, LUANAR ndi MUST. Atatu oyambawo anali yunivesite imodzi mpaka 2021, n'chifukwa chake akuluakulu amanenabe kuti Chanco, Poly ndi College of Medicine.

Fomu imakulola kusankha mapulogalamu angapo motsatana. Kulakwitsa kofala n'kudzaza mizere yonse ndi mapulogalamu otchuka amene aliyense wa mapointi ochepa akulimbirana. Kukwanitsa zofunika sikutanthauza kuti watengedwa. Oyenera amakhala ambiri kuposa malo, ndiye amatenga kuyambira pamwamba mpaka malo atadzaza. Pamzere woyamba ika loto lako, palibe choletsa. Pakati ika mapulogalamu amene magiredi ako pa maphunziro ofunikawo ali olimba. Kumapeto ika imodzi kapena ziwiri zimene anthu sazithamangira koma iwe ukhoza kuziphunzira ndi mtima wonse. Ku LUANAR, ku MUST ndi ku Mzuni kuli mapulogalamu a za nsomba, nkhalango, nthaka, madzi, nyengo ndi zokopa alendo amene ana ambiri sawadziwa n'komwe dzina. Awerenge usanawanyoze.

Ganiziranso za malo. Ngati pulogalamu yofanana ikupezeka mu mzinda umene muli azakhali oti akhoza kukusunga, lendi ndi chakudya zatsika kale ndi theka. Si chamanyazi kusankha motero.

Fomu udzaze wekha, kapena ukhale pompo pamene wina akukudzazira. Pa malo ena a intaneti mnyamata wothandiza amadzazira anthu ambirimbiri tsiku limodzi, ndipo nambala ya mayeso kapena kodi ya pulogalamu ikalakwika, wolira ndiwe. Werenga kawiri usanatumize. Sunga lisiti ndi chithunzi cha fomu yomalizidwa. Usadikire tsiku lomaliza, netiweki imadziwa kukhumudwitsa. Ndipo wina akakuimbira kuti ali ndi njira yokulowetsera dzina ukamutumizira ndalama pa foni, ameneyo ndi wakuba, dula foniyo.

Chachisanu ndi chiwiri: ngongole ya boma

Bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, kapena kuti HESLGB, linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015 kuti lizibwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa a m'mayunivesite ovomerezeka, a boma ndi omwe si a boma. Ngongoleyi imathandiza pa fizi ndi pa zofunika za tsiku ndi tsiku. Ya fizi imapita ku sukulu, siidutsa m'manja mwako.

Zinthu zitatu uzidziwiretu. Si onse ofunsira amene amapatsidwa, chifukwa ofuna amachuluka kuposa ndalama. Opatsidwawo si onse amene amalandira zonse zimene anapempha. Ndiponso ndondomeko yake imatenga nthawi, moti zimachitika kuti sukulu yatsegulidwa ndalama isanafike. Apa ndi pamene ndalama ya semesita yoyamba ija imakupulumutsa.

Bungweli likalengeza nthawi yofunsira, tulutsa envulopu ija. Yankha zoona zokhazokha. Ngati bambo ali moyo usawaphe pa fomu, bodza likadziwika umataya zonse. Koma usachitenso manyazi kufotokoza umphawi mmene ulili: ana angati akudalira munthu mmodzi, ndani ankakulipirira ku sekondale, banja limapeza bwanji chakudya. Kumene fomu ikufuna saini kapena chidindo cha munthu waudindo, yamba msanga, chifukwa maofesi satsegula Loweruka ndipo mabwana amapita ku misonkhano. Chaka chilichonse uzitsatira chilengezo chatsopano, osaganiza kuti ukapeza kamodzi basi zatheka mpaka kumaliza.

Ndipo iyi ndi ngongole, si mphatso. Ukadzamaliza n'kupita nyengo yopumira imene lamulo limapereka, udzayenera kubweza, ndipo ukalembedwa ntchito abwana ako akhoza kumakudula pa malipiro. Ena amaiopa chifukwa cha zimenezi n'kusiya kufunsira. Ine ndimaona kuti kwa mwana wosowadi, ngongole imeneyi ndi yabwino kutalitali kuposa katapila kapena kusiya sukulu. Ndalama zimene akale akubweza ndi zimene zikuthandiza atsopano.

Chachisanu ndi chitatu: gogoda makomo ena

Ngati bungwe lina linkakulipirira ku sekondale, monga CAMFED imene imathandiza atsikana m'maboma angapo, funsa usanamalize Folomu 4 ngati thandizo lawo limafika ku koleji ndiponso zimene amafuna. Pita ku ofesi ya za chisamaliro cha anthu ya pa boma lanu ukafunse za mabasale. Lankhula ndi abusa, ansembe kapena ashehe. Mipingo ndi mizikiti yambiri ili ndi kathumba ka maphunziro kamene sikalengezedwa pa guwa. Ukafika ku yunivesite, kadzionetse ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira sabata yoyamba yomweyo, chifukwa makampani, mabanki ndi magulu a ophunzira akale akafuna kuthandiza osowa amafunsa mayina kumeneko.

Kalata yopempha thandizo ikhale ya tsamba limodzi: ndiwe yani, wakhoza bwanji, wasankhidwa kuti, zonse zikufunika zingati, banja lapeza zingati, chatsala n'chiyani. Wothandiza amakopeka akaona kuti mbali ina mwayesetsa nokha.

Za kunja nazo zilipo kwa amene akhoza bwino kwambiri. Mastercard Foundation Scholars Program imalipirira ophunzira a mu Africa m'mayunivesite monga Cape Town, Pretoria, Makerere ndi Ashesi ya ku Ghana, ndipo umafunsira kudzera ku yunivesiteyo. Ofuna za ku America akhoza kupeza uphungu waulere ku EducationUSA, pansi pa ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Lilongwe. Chevening imene anthu amatumizirana pa WhatsApp ndi ya digiri yachiwiri, usataye nayo nthawi pakadali pano. Sikolashipu yeniyeni siyikuuza kuti utumize ndalama kwa munthu kuti dzina lako lidutse. Ndipo ukamafunsira kunja, fomu ya NCHE udzazebe.

Mawu amodzi kwa atsikana. Ndalama ikathina pa koleji, pamapezeka azibambo a magalimoto odzipereka kulipira lendi. Mtengo wake umadziwika. Kukonzekera konse ndikunenaku mbali ina n'kofuna kuti usadzafike poti njira yatsala ndi imeneyo. Zikathina, uza a kwanu ndi a ofesi ya ophunzira msanga, usanayambe kugona ndi njala.

Dzina likapanda kutuluka

Chaka chilichonse ana ambiri oyenera amatsala chifukwa malo ndi ochepa. Choncho mafomu ena uzidzaza nthawi yomweyo, osadikira kukhumudwa kaye, poti masiku awo otsekera sayembekeza NCHE.

Uphunzitsi wa ku sekondale ukupezeka ku Domasi ndi ku Nalikule. Wa ku pulayimale uli m'ma TTC monga Karonga, Kasungu, Lilongwe, Machinga, Blantyre ndi Phalombe. Za umoyo zili ku Malawi College of Health Sciences ndi m'makoleji a mipingo a pansi pa CHAM monga Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo, St Luke's ku Malosa ndi Mulanje Mission. Dziwa kuti aphunzitsi ndi anamwino omaliza maphunziro nthawi zina amadikira ndithu boma lisanawalembe ntchito, ndiye ulowe ukudziwa. Za maakaunti zili ku Malawi College of Accountancy, ndipo mayeso a ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama, munthu amatha kulemba pang'onopang'ono akugwira ntchito.

Ntchito zamanja ndiye anthu amazipeputsa mosayenera. Makoleji a Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia, pamodzi ndi makoleji a m'madera, amaphunzitsa zamagetsi, zamipope, kuwotcherera, umakaniko, zomangamanga ndi kusoka, mogwirizana ndi TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Mnyamata kapena mtsikana wodziwa kuika magetsi a dzuwa amayamba kugwira ndalama mnzake wa digiri akadali chaka chachitatu. Ndipo dipuloma si mapeto: mayunivesite amalandira anthu okhala ndi dipuloma ndi zaka za pantchito kuti adzapitirize, ena kudzera m'maphunziro a patali amene Mzuni ndi LUANAR amapereka.

Mayunivesite omwe si a boma, monga Catholic University ku Nguludi, University of Livingstonia, Malawi Adventist University ndi Nkhoma University, fizi yake njokwererapo, ndiye kope lija liwerengedwenso mwatsopano mpaka chaka chomaliza. Usanalipire kalikonse pa koleji iliyonse, ona pa mndandanda wa NCHE ngati sukuluyo ndiponso pulogalamu yeniyeniyo zili zovomerezeka. Sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa koma pulogalamu ina ayi. Za unamwino ufunsenso ku Nurses and Midwives Council of Malawi, za udokotala ndi zina za chipatala ku Medical Council of Malawi. Pepala losavomerezeka silikupezetsa ngongole ya boma, ndipo olemba ntchito ambiri salilandira.

Kubwereza MSCE n'kwanzeru ngati ukudziwa phunziro limene linakugwetsa ndiponso chimene uchite mosiyana ulendo uno. Kubwereza chifukwa chongosowa chochita kumangodya ndalama imene ikanalipira chaka choyamba cha dipuloma.

Dzina likatuluka

Tsiku lomwelo kondwera, mawa lake yamba ntchito. Tenga kalata yokuitana ku sukulu, uwerenge tsiku lolembetsa ndi gawo la fizi limene likufunika kuti ulembetsedwe. Fizi ulipire ku akaunti ya sukulu yolembedwa m'kalatamo basi, lisiti usunge. Imbira amene anatsogola uja akuthandize kupeza chipinda, koma usatumize ndalama ya lendi kwa munthu wa pa Facebook chipindacho wina wodalirika asanachione ndi maso. Pezani awiri kapena atatu ogona limodzi ndi kuphika limodzi, mtengo umagawika.

Kuchokera kumudzi nyamula ufa, nyemba, mtedza, usipa wouma, mbaula, poto, ndowa, bulangete ndi neti ya udzudzu. Ku Mzuzu, ku Zomba ndi ku Thyolo kumazizira, juzi isatsale. Ndalama ya semesita ikafika m'manja, lipiriratu lendi yonse, yotsalayo uyigawe pa masabata, ndipo ya thiransipoti yobwerera kwanu uyipatule tsiku loyamba. Ngati fizi yaperewera, pita ku ofesi ya zachuma ukafunse za kulipira pang'onopang'ono mayeso asanayandikire, chifukwa sukulu zambiri sizilola wangongole kulowa m'chipinda cha mayeso kapena kuona zotsatira zake.